Chinangwa Chavunda

Tsiku limene anandisankha kukhala mayi wachinsinsi, amuna anga anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Anati aona zodabwitsa zambiri pa moyo wawo, koma zosungitsa chinsinsi kwa ine ndiye n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Ndinangowalanda kapu n'kukatsuka asanamalize kumwa.

Kunena zoona, sanalakwe kwenikweni. Ine pakamwa ndili napo. Ndinabadwira ku Dowa, kuno ku Chintheche ndinabwera ndi ukwati, ndipo zaka zonsezi Chitonga changa chikuyendabe motsimphina. Ndiye zimene ndimalephera kunena bwino ndimazinena mokweza. Malemu apongozi anga ankati ndikamanong'oneza pakhomo pathu, a ku Kande amayankha.

Ntchito yake ndi iyi. Mtsikana akaima, makamaka awa amene mimba imawapeza akadali m'yunifolomu, amaopa kuuza amayi ake, amaopa kupita kusikelo, amangozimanga ndi nsalu mpaka zinthu zitavuta. Ndiye anamwino a pachipatala pathu anapempha kuti mudzi uliwonse usankhe amayi oti atsikana otere azithawirako. Anatiphunzitsa masiku angapo: kuwaperekeza kusikelo, kuwakumbutsa mankhwala owonjezera magazi, kuzindikira zizindikiro zoopsa, kukhala nawo pambali nthawi yochira ikakwana, ndipo koposa zonse kuwafikitsa kuchipatala nthawi ikadalipo. Namwino wamkulu anabwereza katatu kuti ife si azamba, tisayerekeze kubereketsa munthu kunyumba. Pobwereza kachitatuko ankayang'ana ine, chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero.

Anandisankha chifukwa cha Chichewa, osati chifukwa cha khalidwe. Kumunsi kwathu, kufupi ndi gombe, kuli mzere wa nyumba za anzathu achisilamu ogula nsomba, ochokera ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Ana awo Chitonga amachimva, koma zinthu zamumtima munthu amafuna kuzinena m'chinenero chimene amalirira. Ndiye panafunika mayi amene Chichewa chake si cha m'kalasi.

Mtsikana woyamba kubwera kwa ine anachokera mumzere umenewo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali Folomu 1, kamunthu kowonda, makutu aatali ngati ka mbuzi. Anabwera ndi beseni la usipa ngati wogulitsa. Ndinagula. Mawa lake anabweranso, ndinagulanso. Tsiku lachitatu ndinamuuza kuti mwanawe, nyumba ino tili anthu awiri, usipa wonsewu ukufuna timere mamba? Sanaseke. Anaika beseni pansi n'kuyang'ana zala zake za kumapazi.

"Anti, akuti inu mumasunga nkhani."

Ndinatsala pang'ono kucheuka kuti ndione ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu wina. Koma nditamuyang'ana m'khosi, pamene mtsempha umagunda, ndinadziwa. Ndinamulowetsa kukhitchini n'kutseka chitseko. Miyezi inali itakwana inayi. Za mwamuna wake sindinafunse zambiri, anali mnzake wa pasukulu yemwe makolo ake anali atamutumiza kale kwa achibale ku Mzuzu.

Ndisabise, mtima wanga unapweteka tsiku limenelo. Kwathu ku Dowa ndinali ndi mng'ono wanga amene anaima ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anavutika masiku awiri m'nyumba, amayi akuluakulu atamuzungulira, akumuuza kuti atchule amuna onse amene anayenda nawo kuti njira itseguke. Anatchula mmodzi yekhayo amene analipo, kenako anayamba kutchula ndi amene sanawadziwe n'komwe. Tinamuika pamodzi ndi mwana wake. Anthu akamafunsa ngati ntchito yathuyi ikuthandiza, ine za manambala sindizidziwa, zimenezo n'za anamwino. Ndimangodziwa kuti pali maliro ena amene sitinapiteko.

Tinakauza amayi ake tili awiri. Anali mayi wachete, wa anthu aja oti ukawapatsa moni umachita kutchera khutu kuti umve ngati ayankha. Anamvetsera mpaka kumapeto, anakonza mpango wawo kumutu, n'kundithokoza. Bambo ake atamva sanamenye munthu, sanathamangitse munthu. Anangosiya kulankhula m'nyumbamo, n'kumakhalitsa kumathandala oyanikira nsomba.

Miyezi iwiri yotsatira inali yowawa kwambiri pa moyo wanga, chifukwa mimba inali isanaonekere ndipo ndinayenera kukhala chete. Kutchalitchi amayi anzanga ankandifunsa kuti nanga kamtsikana ka kumunsi kaja mukuyenda nako m'mamawa, mwapeza wantchito? Ine kuluma lilime. Kumsika kufunsa, ine kuluma lilime. Amuna anga ataona kuti m'nyumba mwazizira anaganiza kuti ndikudwala, anakandigulira mankhwala a malungo osandifunsa n'komwe.

Kusikelo tinkapita limodzi, iye akuyenda kumbuyo patali ngati sitikudziwana. Pamzere, pakati pa amayi aakuluakulu, ankabisa nkhope m'buku lake la kuchipatala. Ine ndinkakhala pambali pake n'kumayang'ana aliyense amene wamuyang'ana mpaka atatembenuka. Namwino anatiuza mosabisa kuti thupi lake ndi laling'ono, mafupa a m'chiuno sanakhwime, ndiye za kuchirira kunyumba asaziganize n'komwe. Anatinso masiku akamayandikira abwere adzakhale kuchidikiro, kuja amayi amakadikirira nthawi yawo pafupi ndi anamwino. Pang'onopang'ono mwanayo anayamba kuyenda pambali panga. Ankandifunsa mafunso oti ena ine ndemwe ndinkachita manyazi, ndipo ankadya kwathu kondowole, nsima yathu ya chinangwa, kwambiri kuposa amuna anga. Ine ndinabereka ana aamuna okhaokha atatu, onse ali kutali. Ndinamukonda mwana ameneyu, ndisaname.

Mwezi wachisanu ndi chitatu kunabwera azakhali ake kuchokera ku Mangochi, achemwali aakulu a bambo ake. Mayi wathupi, wooneka bwino, woyenda ngati msewu ndi wawo. Anati iwo anabereka ana asanu ndi anayi pamphasa, popanda jakisoni ngakhale mmodzi. Kuchipatala, malinga ndi iwo, amangofuna kung'amba anthu, ndiponso mwana wa sukulu akakagona kuchidikiro ndiye kuti msika wonse wa Chintheche ukamuonerera. M'chikwama mwawo munali mwanamphepo, mankhwala aja amene ena amamwetsa mayi kuti mwana abadwe msanga. Anamwino anali atatichenjeza za mankhwala amenewa, kuti amafinya chiberekero mopitirira muyezo mpaka chimatha kung'ambika.

Ine ndi azakhaliwo tinkalemekezana ngati atambala awiri pabwalo limodzi. Moni tinkapatsana wautali, kufunsana za ana, za mvula, za mutu. Ndikatchula za chidikiro, iwo ankati nthawi ikadalipo, kwatsala masabata atatu, muthamangiranji mayi? Tsiku lina ndinawatengera kondowole kuti mwina mtima ufewe. Anamuyang'ana, anamudina ndi chala, n'kundifunsa mwaulemu wonse ngati ameneyu ndi wodya kapena womatira bwato. Chinangwa sankafuna kumva ngakhale dzina lake.

Apa m'pamene ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yaikulu. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Kwathu kuno matenda a uchembere akayamba salengeza, ena amaopa kuti adani angamange njira. Koma vuto lathu silinali adani, linali la m'nyumba momwemo: azakhali akangomva kuti msana wayamba, kapu ya mwanamphepo ifika pakamwa ine ndisanafike pakhomo. Ndiye pobwera kusikelo ndinamuuza mtsikanayo kuti zikadzayamba asadzabuule, asadzagwire msana. Adzatenge foni ya amayi ake, adzandiimbire, adzanene mawu awa okha basi: "Anti, chinangwa chavunda, bwerani mudzavuule." Azakhali akamva za chinangwa atembenuza khutu. Mwanayo anabwereza kawiri, tonse tinaseka. Ndipo popeza tsopano ndinali katswiri wosunga zinsinsi, sindinauze munthu wina aliyense. Ngakhale amayi ake. Ngakhale amuna anga.

Amuna angawa muwadziwe pang'ono. Ndi mphunzitsi wopuma, Mtonga weniweni, wa anthu aja amene amasita malaya kuti akaone mbuzi kudambo. Taye amavala ngakhale Lachiwiri. Ndipo kwa iwo chinangwa si nkhani yoseweretsa. Kuno timasenda chinangwa n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kuchoka ululu, kenako timavuula, kuyanika, n'kusinja ufa wa kondowole. Chikapitirira masiku chimanunkha, ufa wake umada, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti pakhomo paja pali mkazi waulesi. Amuna anga angakhululuke zambiri, koma osati kondowole wakuda.

Linali Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi kutchalitchi. Sabata yapitayo foni yanga inalira pakati pa pemphero, ndipo akazi a abusa anandiyang'ana mondipyoza. Ndiye tsiku limenelo ndinaisiya kunyumba pa tchaja. Ndinadziuza kuti kwatsala masabata awiri, palibe chingachitike m'mawa umodzi. Titaweruka tinapitanso kukazonda wodwala wina, n'kumachezanso m'njira monga mwa masiku onse. Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka kale pang'ono.

Kuseri kwa nyumba, pathandala, panali mbuu chinangwa changa chonse, chimene ndinaviika mumgolo dzana lake lomwelo. Ndinatola chimodzi, chinali gwa ngati chikuni. Pakhonde panali amuna anga, manja a malaya atapinda mpaka m'zigongono, taye ali m'khosi, thupi lonse likununkha madzi a mumgolo, nkhope ili ngati ya munthu amene wapulumutsa mwana m'nyanja.

"Ama, lero mukanachita manyazi," anatero. "Mwayi wake ndinalipo."

Ndinafunsa kuti wawauza ndani kuvuula chinangwa cha masiku awiri. Anati kamtsikana kena kanaimba foni yanga cha m'ma eyiti, kunena kuti chinangwa chavunda. Iwo anakathokoza, yewu, yewu, n'kuvula jekete. Anaona ndithu kuti chinali cholimba, koma anaganiza kuti za chinangwa akazi ndiwo amadziwa. Kanaimbanso kachiwiri cha m'ma teni, kakulira, ndipo iwo anadabwa kuti mwana wolankhula Chichewa cha ku Mangochi angalirire chinangwa chotero. Anakatonthoza kuti kasadandaule, avuula kale chonse, chili padzuwa. Kachitatu kanaimba osalankhula kanthu, kankangopuma.

Sindinakuwe. Chimenecho n'chimene chinawaopsa. Ndinawauza nkhani yonse m'mawu ochepa, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Sanadziikire kumbuyo, sanandifunse chifukwa chimene sindinawauzire. Anaimirira, anavala jekete, inde ngakhale pamenepo anayamba avala jekete, n'kunena kuti akupita kumsewu kukaimitsa galimoto.

Ine ndinathamanga ndi bulauzi yanga yoyera ya kutchalitchi, nsapato m'manja. Zaka zanga si zothamanga, koma ndinathamanga, ndikuwerenga maola m'mutu n'kumadzitukwana ndekha.

Pakhomo pa mtsikanayo ndinapeza zinthu zili chonchi. Mtsikana anali atadzitsekera m'kachipinda kosungiramo usipa wouma, foni ali nayo momwemo. Ululu utakula analephera kubisa, azakhali anazindikira, anafulula mankhwala awo, ndipo iye anathawira mmenemo n'kukhoma ndi mpiringidzo. Azakhali anali chiimire ndi kapu m'manja. Amayi ake anali atakhala pansi, msana atatsamira chitseko. Pansi pa chitsekocho pankatuluka madzi.

Azakhali atandiona anayamba kundidandaulira ngati ndine mfumu, kuti taonani mwana wopanda mwambo, akufuna kuberekera mu nsomba. Ine ndinayamba ndi ulemu. Ndinawatchula amayi, ndinagwada pang'ono, ndinafotokoza zimene namwino ananena za mafupa. Iwo anabwereza za ana asanu ndi anayi. Ine ndinakweza mawu, iwonso anakweza, ndipo ndinapeza kuti ku Mangochi nakonso kuli anthu a pakamwa. Anthu anayamba kusuzumira m'mipanda. M'kachipindamo mwana anabuula kubuula kwakutali, kotsikira pansi, ndipo tonse tinatembenukira kuchitseko.

Amene analankhula ndi mayi wachete uja. Sanaimirire n'komwe.

"Alamu, tayani zimenezo. Alongo anu akafunsa mudzati ndine."

Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti pa zaka zonse za ukwati umenewo anali asanamvepo mlamu wawo akulamula kanthu. Kenako anapendeketsa kapu, mankhwala anamira mumchenga. Analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atanyamula beseni, zitenje ndi pepala lakuda lija timatenga popita kukachira, zonse zomangidwa bwinobwino. Ndimawaseka azakhali amenewa mpaka lero, koma nawonso anabwera ulendo wonse uja chifukwa chomukonda mwanayo.

Ndinagogoda n'kudzitchula. Mpiringidzo unachedwa kutseguka. Anali atagwada pakati pa matumba a usipa, thukuta lili thupi lonse, milomo itauma.

"Anti, ndinanena ndendende mmene munandiuzira."

Mawu amenewa amandibayabe. Ndinamuuza kuti sanalakwitse kalikonse, wopusa ndine, ndipo tidzakambirana za kupusa kwangako akadzachira.

Tinamugwirizira mpaka kumsewu, ine mbali iyi, amayi ake mbali inayo. Kumeneko tinapeza amuna anga ataima pakati penipeni pa msewu waukulu, dzanja m'mwamba ngati akuimitsa ana pa asembule. Anali ataimitsa kagalimoto konyamula makireti a zakumwa kupita kumalo ogona alendo cha ku Makuzi, ndipo ankamufotokozera dalaivala m'Chingerezi chakuya kwambiri, dalaivalayo akungogwedeza mutu mwamantha. Atangomuona mtsikanayo, dalaivalayo anamvetsa zonse, anatsika n'kuyamba kusuntha makireti.

Pachipatala pathu namwino anamuyeza n'kundilola kukhala naye. Apa ndiye ndinagwira ntchito imene anandiphunzitsa. Ndinamusisita m'chiuno, ndinamunyowetsa milomo, ndinapuma naye limodzi, ndinamuuza chilichonse chimene namwino akufuna kuchita asanachichite kuti asadzidzimuke. Ululu ukabwera ankandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala. Ukapita ankandifunsa ngati afa. Ndinkamuuza kuti ayi, ngakhale kuti inenso sindinkadziwa. Patapita nthawi namwino anamuyezanso, anamvetsera mtima wa mwana, n'kundikokera pambali. Anati mutu sukutsika, njira ndi yaing'ono monga ankaopera, ndipo aitanitsa ambulansi kuti apite kuchipatala cha kuboma akachitidwe opaleshoni. Anafunsa ngati wamwa chilichonse kunyumba. Nditati ayi, anapumira m'mwamba.

Mu ambulansi tinakwera ine ndi amayi ake. Msewu wa ku Nkhata Bay ndauyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo mitengo ya mphira ija sinkatha. Amuna anga ndi azakhali anatsatira pa minibasi, atakhala mpando umodzi, beseni lili pamiyendo pa aphunzitsi. Zimene anakambirana m'njira palibe mwa awiriwo amene anandiuzapo.

Tinafika dzuwa likadalipo. Popeza mtsikanayo anali wamng'ono, amayi ake ndiwo anadinda chala papepala lovomereza. Anamukankha pa kabedi kamatayala, chitseko chinatsekeka, ife tinatsala pabenchi. Azakhali ndi amuna anga anatipeza pomwepo. Azakhali ankapemphera chamumtima milomo ikugwedera, amuna anga anavula chipewa n'kuwerama. Ine ndinayesa kupemphera koma mawu ankangobwera a maola asanu aja amene mwana anakhala mu usipa chifukwa cha nzeru zanga. Amayi ake sanapemphere mooneka, sanalire, sanasunthe. Maso awo anali pa chitseko.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chitseko chinatseguka, panatuluka namwino wachitsikana atanyamula kamtolo m'chitenje. Anafunsa kuti abale a mtsikana wa ku Chintheche ndi ati. Tonse tinaimirira. Anati ndi mwamuna, walira bwino, alibe vuto. Azakhali anatambasula manja, misozi ili m'masaya, n'kuyamba kale kunena kuti mphuno ndi ya kwawo. Amuna anga anayamba kugwira chanza aliyense amene anali pafupi, ngakhale anthu odikirira odwala ena. Inenso ndinasuzumira kankhope kofiirako.

Amayi ake okha sanayang'ane m'chitenjemo.

"Nanga mwana wanga?"

Namwino anamwetulira n'kuwasendezera kamtolo kaja. "Ndi ameneyu, agogo."

"Ayi. Wanga ine."

Namwinoyo anasiya kumwetulira, anawayang'ana bwinobwino, n'kuwauza pang'onopang'ono kuti mtsikanayo ali bwino, ali maso, adokotala akumaliza kumusoka. Anati wakhala akufunsa ngati amayi ake akadali panja kapena apita.

Mayi uja anayenda kupita pachitseko chija, pamene palembedwa kuti munthu asayandikire. Anagwada, anaika pakamwa pa mpata wa pakati pa zitseko ziwirizo.

"Ndilipo, mwanawe. Sindinachoke."

Namwino anatsegula pakamwa kuti awaletse, kenako anangotembenuka n'kuyamba kukonza kachipewa ka khanda.